Phunziro la Mwezi Uno: Maphunziro a Sosholoje ndi Ntchito Zache



Chaka ndi chaka, pamene maina a ana osankhidwa kunka ku sukulu za ukachenjede alengezedwa, m'nyumba zina mumveka nthungululu, ndipo nthungululu zikatha pamadza funso. Mwana akati, "Andisankha ku udotolo," atate ndi amai amva msanga. Akati uphunzitsi kapena ulimi, amvanso. Koma akati, "Andisankha ku Sosholoje," akulu ayang'anana, nafunsa kuti, "Chimenecho nchiani? Nanga akatsiriza adzagwira ntchito yanji?" Funso limeneli nloyenera ndithu, pakuti ofunsawo ndiwo adzagulitsa mpunga, thonje ndi mbuzi zao kwa zaka 4 kuti mwanayo adye, apeze pogona ndi kulipira sukulu. Chotero m'phunziro lino tiyesa kuyankha bwinobwino, kuti kholo ndi mwana apangane akudziwa chimene alikuchita.

I. KODI SOSHOLOJE NCHIANI?

Liuli lidachokera ku zinenero ziwiri zakale. Chigawo chache choyamba nchachilatini, kutanthauza mnzathu wokhala naye. Chachiwiri nchachigriki, kutanthauza mau kapena chiphunzitso. Tsono Sosholoje ndiko kuphunzira m'mene anthu akhalira pamodzi: pa banja, pa mudzi, pa msika, pa ntchito, m'mipingo ndi m'dziko lonse. Dotolo ayang'ana thupi la munthu. Mlangizi ayang'ana nthaka ndi mbeu. Wa Sosholoje ayang'ana zimene zimanga anthu pamodzi ndi zimene ziwalekanitsa, monga ubale, ukwati, malo, ufumu, chuma, mwambo ndi lamulo.

Nzeru imeneyi si yachilendo konse pakati pathu. Nkhoswe yoweruza banja, nyakwawa yogawa madimba, namkungwi wolanga anamwali, onsewa adziwa zambiri za kakhalidwe ka anthu. Komatu mkulu wa pabwalo adziwa mudzi wache ndi midzi yoyandikana nao, ndipo nzeru zache zikhala m'mutu mwache; akamwalira, zambiri zipita naye. Wa Sosholoje aphunzitsidwa kufunsa funso limodzimodzi m'midzi yambiri, kulemba mayankho, kuwawerenga, kulinganiza mudzi uwu ndi uwo, chaka chino ndi zaka zapitazo, ndiponso kuonetsa poyera njira imene adatsata, kuti wina akathe kuyesa ngati wanena zoona.

Taonani chitsanzo. Mtsikana mmodzi akasiya sukulu mu Sitandade 6, tinena kuti ngwaulesi, kapena kuti makolo ache ngosasamala. Koma titapeza kuti m'sukulu zambiri za m'mphepete mwa nyanja atsikana asiyira pa kalasi yomweyo, ndi kuti anyamata asowa m'kalasi nyengo imene usipa wachuluka, pamenepo sitingathenso kuika mlandu pa mwana mmodzi. Pali china chogwira onsewo, kaya ndi mtunda wa ku sukulu, kaya ndi umphawi, kaya ndi ndalama za msanga za kunyanja. Kuchipeza chinthu chimenecho, ndi kuchitchula dzina ndi umboni m'manja, ndiyo ntchito ya Sosholoje.

II. CHIYAMBI CHACHE

Mmodzi wa oyamba kulemba mwa njira yotere adali munthu wa mu Afrika muno, Ibn Khaldun, wobadwira ku Tunis m'chaka cha 1332. M'chaka cha 1377 adalemba buku lofotokoza kuti mtundu ukwera pamene anthu ache ali ogwirizana, ndi kuti ufumu ugwa pamene olamulira azolowera zokoma nataya mgwirizano uja.

Koma dzina lakuti Sosholoje lidadza ndi Auguste Comte wa ku France, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1830. Masiku amenewo ku Ulaya anthu miyandamiyanda adali kusiya midzi yao kunka ku mafakitale a m'mizinda. Mabanja adabalalika, antchito adapanikizana m'nyumba zonyansa, ndipo miyambo imene idasunga anthu kale idafooka. Anthu anzeru adafuna kudziwa chimene chidzagwira anthu pamodzi tsopano. Karl Marx adayang'ana mkangano wa pakati pa eni chuma ndi antchito ao. Max Weber wa ku Germany adafufuza m'mene chikhulupiriro cha munthu chiumbira kagwiridwe kache ka ntchito ndi kasungidwe kache ka ndalama. Émile Durkheim wa ku France, m'chaka cha 1897, adaonetsa chinthu chodabwitsa: atawerenga mabuku a boma a anthu odzipha, adapeza kuti tsokali lichepa pakati pa anthu omangika zolimba pa banja ndi pa gulu lao, ndipo lichuluka pakati pa okhala okhaokha. Chinthu chimene onse adayesa cha mumtima mwa munthu mmodzi chidapezeka kuti chitsatanso makhalidwe a gulu.

M'chaka cha 1892 sukulu ya ukachenjede ya ku Chicago, ku America, idatsegula chigawo chophunzitsa Sosholoje, ndipo m'kupita kwa zaka maphunzirowa adafalikira ku maiko onse.

III. ZIMENE OFUFUZA ADAPEZA PAKATI PATHU

Sosholoje ili ndi mbale wache wotchedwa Anthropoloje, amene aphunzira makamaka miyambo ya mitundu pokhala nthawi yaitali pakati pa eni ache. M'maiko athu ano awiriwa adayendera limodzi, ndipo ophunzira awerenga mabuku a onse awiri.

Margaret Read wa ku England adakhala pakati pa Angoni a m'dziko muno m'zaka za m'ma 1930, nthawi imene amuna ambiri adali kunka ku migodi ya ku Joni ndi ku Harare. M'chaka cha 1942 adalemba kuti midzi imene mkazi akhala kwa mwamuna, pakati pa abale a mwamunayo, idapirira bwino kusowa kwa amuna kuposa midzi ya chikamwini. Ife a kuno, kumene Achewa, Angoni ndi Ayao akhala moyandikana nakwatirana, tingathe kuyesa mau amenewo ndi zimene tiona lero, pakuti anyamata athu akali kunka ku South Africa.

Max Marwick adakhala pakati pa Achewa a kum'mawa kwa Zambia, natulutsa buku lache m'chaka cha 1965. Iyeyo adasiya pambali funso lakuti ufiti ulipo kapena palibe, nayamba kulemba kuti ndani aloza chala ndani. Adapeza kuti kawirikawiri wonenedwa ufiti ndi womunenayo ngapachibale, a mbumba imodzi, ndi kuti pansi pa kulozanako pamakhala mkangano wa chuma, wa ng'ombe kapena wa udindo. Mkulu aliyense woweruza mlandu wa nkhalamba yonenedwa ufiti angapindule pokumbukira zimenezi, nafunse poyamba kuti, "Kodi awiriwa alimbirana chiani?"

J. Clyde Mitchell, m'buku lache la 1956 la midzi ya Ayao, adaonetsa m'mene mudzi ugawanikira pamene mbumba zakula, ndipo mwamuna wina afuna kuchoka ndi alongo ache kukamanga pache.

Onsewa adali alendo, ndipo adagwira ntchito m'masiku a ulamuliro wa Angerezi. Paja amati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Koma mlendo adalira womasulira, ndipo zambiri zimdutsa. Chifukwa chache nkofunika kuti eni dziko alembenso. Samuel Yosia Ntara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, adasonkhanitsa mau a akuluakulu nalemba Mbiri ya Achewa m'zaka za m'ma 1940. J. A. K. Kandawire, Mmalawi wophunzira Sosholoje, adatulutsa buku m'chaka cha 1979 loonetsa m'mene liu lakuti thangata, limene kale lidatanthauza kuthandizana, lidasandukira ntchito yokakamiza m'minda ya azungu.

Ndipo pafupi pathu pompano, pa Mua, pamene mishoni idayamba m'chaka cha 1902, Bambo Claude Boucher a ku Canada adayambitsa malo a Kungoni m'chaka cha 1976. M'nyumba ya Chamare muli zosungidwa za miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao, kuyambira pa kubadwa kwa munthu kufikira pa maliro ache. Ophunzira achokera kutali kudzaona zimenezi. Mwana wa kuno angathe kufikako pa njinga.

IV. KUMENE APHUNZIRIRA NDI NJIRA YOLOWERA

Yunivesite ya Malawi idakhazikitsidwa m'chaka cha 1964, niyamba kuphunzitsa ku Chichiri, mu Blantyre, m'chaka cha 1965. Koleji yache ya Chancellor idasamukira ku Zomba m'chaka cha 1973, ndipo kumeneko ndiko kwakhala kwao kwa Sosholoje m'dziko muno. M'chaka cha 2021 makoleji a yunivesiteyi adapatukana, ndipo ya ku Zomba ndiyo idatsala ndi dzina la Yunivesite ya Malawi. Kwa zaka zambiri ophunzira Sosholoje kumeneko akhala akulandira digiri yotchedwa Bachelor of Social Science, ya zaka 4. Palinso madigiri ena oyandikana nayo, monga ya ntchito yosamalira anthu ovutika ndi ya kakhalidwe ka pakati pa amuna ndi akazi.

Yunivesite ya Akatolika ya ku Nguludi, m'boma la Chiradzulu, imene idatsegulidwa m'chaka cha 2006, iphunzitsanso ntchito yosamalira anthu. Ku Bunda, ophunzira ulangizi aphunzirako za kakhalidwe ka anthu a m'midzi. Ndipo kwa amene sadafike pa digiri, kuli koleji ya boma ya ku Magomero, imene iphunzitsa alangizi a chitukuko cha m'midzi ndi a chisamaliro cha anthu.

Wofuna kulowa yunivesite ayenera kupambana mayeso a Fomu 4 ndi makirediti osachepera 6, ndipo Chingerezi chikhale chimodzi cha zimenezo. Koma malo ngochepa ndipo ofuna ngambiri, chotero kungofika pa 6 sikukwanira. Afunika kukhoza bwino. Pempho lolowa m'mayunivesite a boma lidzera ku bungwe la National Council for Higher Education, ndipo chilengezo chache cha chaka ndi chaka chifotokoza maina a madigiri ndi zofunika pa iliyonse. Mwana achiwerenge chonse pamodzi ndi aphunzitsi ache asadalembe kanthu, pakuti safunsa adadya phula. Wosankhidwa amene makolo ache ngosauka angathe kupempha ngongole ku bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board, limene lidayamba m'chaka cha 2015. Ikhale yodziwika kwa onse kuti imeneyo ndi ngongole, yobweza akayamba ntchito.

V. ZIMENE APHUNZIRA M'ZAKA ZIMENEZO

Poyamba wophunzira alawa maphunziro angapo oyandikana, monga za chuma, za maganizo a munthu, za kayendetsedwe ka dziko ndi za chiwerengero cha anthu. Pambuyo pache alowa mozama m'zinthu zitatu.

Choyamba ndi maganizo a akatswiri, aja tawatchula ndi ena a mu Afrika muno. Apa kuwerenga nkwambiri, ndipo pafupifupi zonse zili m'Chingerezi.

Chachiwiri ndi nthambi za moyo wa anthu: banja ndi ukwati, midzi ndi malo, mizinda, umphawi ndi chitukuko, matenda ndi kakhalidwe, umbava ndi chilango, chipembedzo, sukulu, ntchito.

Chachitatu, chimene chili chofunika kuposa zonse pofuna ntchito, ndi njira za kafukufuku. Wophunzira aphunzitsidwa kusankha nyumba zofunsa mosakondera, kuti zochepa ziimire zambiri. Kupanga funso losakokera munthu ku yankho. Kucheza ndi gulu la amai paokha ndi la abambo paokha, pakuti pamaso pa mfumu kapena pa apongozi munthu sanena zonse. Ndi kuwerengetsa mayankho pa kompyuta. Chifukwa chache mwana wothawira ku Sosholoje poopa masamu adzawapeza alikumdikira komweko. Pa chaka chotsiriza asankha funso lache, nakafufuza yekha, nalemba kabuku kamene aphunzitsi adzakayesa.

VI. KODI KUNO KWATHU ZILI NDI PHINDU?

Tione zinthu zitatu zimene zidachitika m'chigwa chathu chino.

Choyamba ndi sikimu ya mpunga ya ku Bwanje, ya mahekitala 800, yomangidwa ndi thandizo la dziko la Japan chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, yotenga madzi mu mtsinje wa Namikokwe. M'chaka cha 2009 ofufuza a ku yunivesite ya Wageningen, ku Holland, adalemba za mavuto amene sikimuyi idakomana nao m'zaka zache zoyamba. Mau ao adali akuti idalinganizidwa ndi anthu akunja, niikidwa m'chigwa yathunthu, ndi kuti ulimi wothirira ukhalitsa pamene umangidwa pang'onopang'ono pamodzi ndi eni malo, molingana ndi njira zimene iwo apezera kale chakudya. Ngalande ingakhale yoongoka ndi simenti yache yolimba, koma pakhale wina wofunsa kuti munda uwu ngwa mbumba iti, ndani adzapala mchenga m'ngalande, ndipo mwezi umene mpunga ufuna manja mlimiyo amakhala alikuchita chiani ku munda wache wa chimanga.

Chachiwiri ndi ntchito ya malemu Inkosi Theresa Kachindamoto, amene adamwalira m'chaka cha 2025. Lamulo la ukwati la 2015 lidaika zaka 18 kukhala msinkhu wokwatira, ndipo malamulo akulu a dziko adakonzedwa m'chaka cha 2017 kuti agwirizane nalo. Koma lamulo lolembedwa ku Lilongwe silifika lokha m'nyumba ya ku mudzi. Inkosiyi idadziwa anthu amene ukwati udzera m'manja mwao. Idapangana ndi mafumu a pansi pache, nilanga amene adaswa pangano, niika amai ndi abambo oyang'anira m'midzi, ndipo maukwati ambiri a ana adathetsedwa, ana nabwerera ku sukulu. Mbiri yache idamveka maiko akutali. Nzeru yotere, yodziwa pamene pagona mphamvu m'mudzi, ndiyo imene wa Sosholoje ayesa kuiphunzira ndi kuilemba kuti ithandizenso kwina.

Chachitatu ndi malo opangira magetsi a dzuwa a pa Golomoti, a mphamvu ya mamegawati 20, amene adayamba kugwira ntchito m'chaka cha 2022. Ntchito zazikulu zotere, pamodzi ndi miseu ndi madamu, zifuna malo, ndipo lamulo lifuna kuti zisadayambe pachitike kafukufuku woona m'mene zidzakhudzira chilengedwe ndi anthu. Pafunika munthu wowerenga minda, mitengo ndi nyumba, wodziwa pamene pali manda, ndi womva madandaulo. Kuno kumene minda yambiri itsata ku chikazi, wolemba wosadziwa angathe kulemba dzina la mkamwini amene wampeza ndi khasu m'manja, ndipo chipukutamisozi chingapite kwa iye, eni nthaka natsala chimanjamanja. Wodziwa mwambo afunsa kaye mwinimbumba.

VII. NTCHITO ZIMENE WOTSIRIZA ANGAPEZE

1. M'boma. Pa boma lililonse, monga ku Dedza, pali ofesi ya chisamaliro cha anthu ndi ya chitukuko cha m'midzi. Kumeneko ateteza ana motsata lamulo la 2010 losamalira ana, afufuza za mwana wopalamula mlandu kuti bwalo liweruze likudziwa kumene achokera, ndipo ayendetsa Mtukula Pakhomo, imene idayambira ku Mchinji m'chaka cha 2006.

2. M'kafukufuku. Ofesi ya boma yowerenga anthu ili ku Zomba. Kalembera wa 1966 adapeza anthu oposa pang'ono 4 miliyoni. Wa 2018 adapeza 17,563,749. Ziwerengero zotere ndizo zitsogolera pomanga sukulu ndi zipatala. Ku Zomba komweko kuli Centre for Social Research, imene idayamba m'chaka cha 1979. Ambiri ayamba ngati ofunsa mafunso m'midzi, nakwera kukhala oyang'anira, pambuyo pache olemba malipoti.

3. M'mabungwe othandiza anthu, a mipingo monga CADECOM ndi ena a kunja, pa ntchito za chakudya, madzi, umoyo, banki mkhonde ndi thandizo la pa nthawi ya njala kapena ya madzi osefukira. Mabungwewa afuna kwambiri munthu wodziwa kuyesa ngati ntchito yao yapinduliradi anthu.

4. M'makampani omanga miseu, magetsi, migodi ndi masikimu, ngati mkhalapakati wa kampani ndi mudzi, kapena ngati woyang'anira za antchito.

5. Ku polisi, makamaka ku nthambi yothandiza ozunzidwa, ku ndende ndi m'zipatala.

6. Pa wailesi, m'nyuzipepala ndi m'nyumba zosungira za makolo. Wofuna uphunzitsi wa ku sekondale ayenera kuonjezera maphunziro a uphunzitsi. Wofuna kuphunzitsa pa yunivesite ayenera kutenga digiri yachiwiri ndi yachitatu.

VIII. MAU KWA MAKOLO NDI KWA ANA

Tsopano tinene chimene chili chowawa. Namwino akatsiriza, dzina la ntchito yache lili kale pa setifiketi yache. Wa Sosholoje sali chotero. Digiri yache itsegula makomo ambiri, koma palibe khomo limene lili lache yekha. Pa lililonse apikisana ndi ophunzira za chuma, za chitukuko ndi ena. Otsiriza achuluka chaka ndi chaka kuposa malo a ntchito. Ena adikira nthawi yaitali, ndipo ntchito zambiri za m'mabungwe nzapangano la miyezi kapena la zaka zochepa, zotha pamene thandizo la kunja latha. Kholo loyembekeza kuti mwezi wotsatira mwana adzayamba kutumiza ndalama lidzakhumudwa, ndipo mwanayo adzachita manyazi kubwera ku mudzi.

Chifukwa chache, inu makolo, werengani mtengo wonse musadayambe: malipiro, chakudya, pogona, ulendo wa ku Zomba, ndi foni kapena kompyuta yolembera. Itanani atsibweni ndi abale onse mugawane katunduyo, pakuti mutu umodzi susenza denga. Gulitsani zokolola ndi ziweto ngati kufunika, koma musafulumire kugulitsa munda kapena dimba, pakuti ndiwo adzadyetsa banja pamene mwanayo alikudikira ntchito. Ndipo mwana wamkazi akasankhidwa, mchirikizeni monga mukadachitira wamwamuna.

Inu ana, amene mtima wanu ukonda kufunsa chifukwa chache anthu achita monga achitira, maphunzirowa ngoyenera inu. Koma onjezerani luso limene olemba ntchito angathe kuliona ndi maso. Gwiritsani masamu a kafukufuku ndi kompyuta. Phunzirani kulemba lipoti lomveka m'Chingerezi ndi kulifotokoza m'Chichewa chomveka pabwalo. Wodziwa Chiyao asachitaye, pakuti kunyanja kuno ndi ku Mangochi ndicho chuma chache. Pa tchuthi musangokhala: dziperekeni ku ofesi ya chisamaliro cha anthu, ku chipatala kapena ku komiti ya chitukuko ya m'dera lanu, ngakhale popanda malipiro, pakuti wolemba ntchito afunsa kuti, "Mudagwirapo kuti?"

Ndipo sungani zinthu zitatu. Musalembe bodza. Alipo ofunsa mafunso amene, poopa dzuwa ndi mtunda, akhala pansi pa mtengo nadzaza okha mapepala a nyumba zimene sadafikeko. Bodza lotere likafika ku likulu lisanduka chiwerengero, ndipo mudzi umene udayenera kulandira mjigo kapena chimanga utsala. Musaulule chinsinsi. Mai wamasiye akakuuzani za njala ya m'nyumba mwache, kapena wodwala za nthenda yache, mwalandira chinthu chopatulika. Mupemphe chilolezo musadafunse, ndipo musatchule dzina lache kwa wina. Musanyoze akulu. Mwana wobwera ndi mau akulu a m'mabuku, nayesa agogo ache mbuli, wataya aphunzitsi ache oyamba. Kuona maso a nkhono nkudekha. Ayambe wakhala pansi, namvetsera kufikira mkuluyo atatsiriza.

Ntchito zazikulu zidzapitirira kufika m'chigwa chino, ndipo nthawi zonse padzakhala wina wolemba za ife m'mapepala amene akulu a ku Lilongwe ndi a maiko akunja adzawerenga. Nkwabwino kuti pakati pa olembawo pakhale mwana wodziwa kusiyanitsa chikamwini ndi chitengwa, wodziwa mwezi umene nkhokwe zathu zitha, ndi amene adzachita manyazi kunama pamaso pa anthu a kwao.

MAFUNSO OKAMBIRANA

1. Kodi nzeru ya mkulu wa pabwalo isiyana bwanji ndi ya wophunzira Sosholoje, ndipo zithandizana bwanji?

2. Max Marwick adapeza chiani za anthu olozana ufiti? Kodi zifanana ndi zimene muona kwanu?

3. Tchulani ntchito 4 zimene wotsiriza maphunzirowa angagwire, ndi luso limene ayenera kuonjezera.

4. Ntchito ya ana a Fomu 3 ndi Fomu 4: mutapempha chilolezo kwa amfumu, yendani nyumba 20 za m'mudzi mwanu. Lembani, osatchula maina, kuti ndi zingati zili za chikamwini, zingati za chitengwa, ndi zingati zili ndi munthu wao ku South Africa kapena ku tauni. Musadayambe, lembani chimene muganiza kuti mudzapeza. Mutatsiriza, linganizani ziwirizo. Amene akondwera nayo ntchito imeneyi akacheze ndi aphunzitsi ache za kusankha Sosholoje.

Tsalani bwino nonse.

Ine wanu,
Mphunzitsi wa ku Golomoti.